Njinga yanuyanu, ya takisi, ya gulu kapena yotsegula ndi foni: iti ingakuyenereni ku Chipata?

Ku Chipata njinga si mlendo. Njinga za Eagle zinkapangidwa konkuno, pafakitale ya Luangwa Industries, ndipo mpaka lero m'mawa uliwonse misewu ya ku Lundazi, ku Chadiza ndi ku Mfuwe imalowetsa m'tauni njinga zosenza makala, nshawa, tomato, nkhuku, mwinanso mbuzi yomangidwa pakeriya ikulira njira yonse. Chachilendo ndi chimene chafala m'mizinda ikuluikulu ya kunja. Kumeneko munthu amapeza njinga itaima m'mbali mwa msewu, amaitsegula ndi khadi kapena foni, amapalasa, akafika amaisiya kuti wina adzatenge. Amene anazionapo pa Facebook kapena paulendo amafunsa kuti, nanga ife tikudikira chiyani, pomwe Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017?

Funsolo ndi labwino, koma silingayankhidwe palokha. Njinga za pafoni ziyenera kuyerekezedwa ndi njira zimene tili nazo kale. Nkhani ino ndi ya anthu a mitundu iwiri: amene akungofuna kufika kuntchito, kusukulu kapena kumsika tsiku ndi tsiku, ndi amene ali ndi udindo pagulu, kaya ndi koleji, mpingo, kopaletivu kapena khonsolo, ndipo akuganiza zogula njinga zoti anthu azisinthana.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Choyamba ndi mtengo, koma osati wa tsiku logula lokha. Njinga yotchipa imene mwezi uliwonse ikufuna masipoko ndi mapedulo atsopano imadya ndalama mwakachetechete, ndipo pakutha pa chaka imakhala itadula kuposa yolimba imene munaiopa m'shopu. Chachiwiri ndi kapezekedwe. Kodi 5 koloko m'mawa, mukuthamangira kukaoda ku Saturday Market, njingayo ilipo? Nanga madzulo a mu January kukugwa mvula? Chachitatu ndi kasamalidwe: ndani amamata chubu, ndani amagula tcheni, zipangizo zake zimapezeka pa Kapata kapena mpaka wina akwere basi ya ku Lusaka? Chachinayi ndi zoopsa, ndipo pano sindikunena za ngozi zokha ayi. Pali akuba, palinso ndalama zanu zimene mwasungitsa m'manja mwa anthu ena.

Pansi pa zinayi zonsezi pali funso limodzi limene ine ndimaona kuti ndilo limasiyanitsa njirazi: dzuwa likalowa njingayo ikagona kuti, ndipo ndani adzafunsidwe mawa ikapanda kuoneka, kapena ikaoneka yopanda belu ndi chishalo?

Musaiwalenso mmene dera lathu lilili. Tauni ili m'chigwa, mapiri mbali ndi mbali, choncho ulendo wopita ndi wobwerera salemera mofanana. Tara amathera pamisewu ikuluikulu. Mukangolowa mu Mchini kapena mu Nabvutika mwayamba fumbi, miyala ndi timigula tokumbidwa ndi madzi. Kuyambira November mpaka April matope amalowa mu tcheni ndi mu habu. Njinga yopangidwira misewu yosalala ya ku Ulaya ingaoneke yokongola pachithunzi, koma kuno miyezi iwiri ya dzinja ikwanira kuiulula.

Njinga yanuyanu

*Mtengo.* Ndalama imatuluka yambiri kamodzi, n'chifukwa chake ambiri amazengereza. Koma tawerengani. Tingoyerekeza kuti mumalipira K10 ulendo umodzi, kawiri patsiku, masiku 6 pasabata. Imeneyo ndi K120 pasabata, pafupifupi K500 pamwezi. Chotsani K10 yangayo muikepo imene mumalipiradi, kenako mugawe mtengo wa njinga ndi ndalama ya pamweziyo. Yankho lake ndi miyezi imene njingayo idzadzibweza yokha. Kwa munthu woyenda tsiku lililonse miyeziyo sichuluka. Ngati ndalama sikukwana, dikirani nthawi yanu ya chilimba. Ya kaloba musayerekeze, chifukwa chiwongoladzanja chimathamanga kuposa njinga.

Mitundu imene mungasankhe ndi itatu. Pali zakuda zachikale za matayala a saizi 28, zopanda magiya, zimene agogo athu ankakwera. Pali Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005; ndi yachitsulo cholemera, buleki yake mumaponda mapedulo chobwerera m'mbuyo, ndipo keriya yake inapangidwa kuti isenze makilo 100. Imadula kuposa zinzake. Ndiye pali za magiya, zatsopano zotchipa kapena zakale zochokera kunja. Apa samalani: yakale yopangidwa bwino imaposa yatsopano yonyezimira yokhala ndi masipuling'i kutsogolo ndi pakati, imene zitsulo zake zimapindika mukangoikweza thumba la chimanga.

*Kapezekedwe.* Kugula sikuvuta, mashopu a ku Down Shops ndi m'tauni amakhala nazo. Ndipo ikakhala yanu palibenso kudikira munthu. Mwana akadwala usiku, njinga ili kuseri kwa chitseko.

*Kasamalidwe.* Zonse zili pamutu panu, koma mwayi wake ndi woti okonza njinga ali paliponse. Pansi pa mtengo wa mango mupeza munthu ali ndi beseni la madzi akuda, pampu, masipanala ndi kachitini ka girizi. Amatulutsa chubu, amapopa pang'ono, amachimiza m'madzi chigawo ndi chigawo mpaka timathovu titayamba kutuluka, amabaya kamtengo pabowopo kuti asapataye, amapala, amapaka guluu, amadikira kuti aume pang'ono, n'kumata chigamba chodulidwa ku chubu chakale. Asanabwezeretse amayendetsa chala mkati mwa tayala kufuna munga umene unayambitsa zonsezi. Amene sachita zimenezi mudzamubwereranso mawa. Luso lotereli limagwira bwino panjinga yachikale, yomwe zipangizo zake zili pamsika uliwonse mpaka kumudzi. Ya magiya ikathyoka kachitsulo kosinthira tcheni, mumva kuti "Aka kalibe, bwana, tingodula tcheni iziyenda giya imodzi." Mukatero mwatsala ndi njinga yachikale yomwe simunaisankhe.

*Zoopsa.* Akuba ndiwo oyamba. Loko wa pawilo yekha saletsa munthu kunyamula njinga yonse. Mangirirani felemu ku chitsulo kapena ku mtengo. Sungani lisiti, ndipo lembani nambala ya pafelemu, imene kawirikawiri imakhala pansi pamene pamalumikizana mapedulo kapena pafupi ndi chishalo. Mukamagula yakale kwa munthu, mtengo wotsika modabwitsa ndi chenjezo, chifukwa wogula chakuba nayenso amakafotokoza kupolisi. Pamsewu, Great East Road imadutsa m'tauni ndi mathiraki opita ku Mwami, pamalire ndi Malawi, ndipo njinga yakuda yopanda nyali usiku dalaivala amaiona atafika kale. Choopsa china sitichitchula kawirikawiri: achibale. Mlamu akabwereka "pang'ono chabe" n'kubweza madzulo tayala litaphwa, simungamulipiritse.

Takisi ya njinga

Iyi, imene kutsidya kwa Mwami amati kabaza, ndiyo njinga yogawana imene tili nayo kale. Patsiku imanyamula anthu ambirimbiri osadziwana, monga momwe za m'mizinda ya kunja zija zimachitira, kungoti yathu imabwera ndi woipalasa. Keriya amaiwotcherera kuti italike, amaikapo khushoni, timapondero ta mapazi ndi kachitsulo kogwirira. Amayi ovala chitenje amakhala chammbali, dengu pamiyendo.

*Mtengo.* Simutulutsa ndalama yaikulu, mumalipira ulendo ndi ulendo. Kwa woyenda kawiri kapena katatu pasabata palibe njira yotchipa kuposa iyi, kupatula miyendo. Kwa woyenda tsiku ndi tsiku, masamu aja a pamwambapa akukutsutsani. Gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo tchulani malo enieni. "Ku Kapata" ndi kwakukulu. Kukangana pofika kumayamba chifukwa wina amaganiza za pamsika pomwe mnzake amatanthauza kumapeto kwa komboni. Katundu ndi chitunda zimakweza mtengo, ndipo mpake. Amene anayesapo kukwera mtunda atanyamula munthu wamkulu sangatsutse.

*Kapezekedwe.* Masana simusowa: pamsika, pasiteshoni ya mabasi, pageti la chipatala, pamphambano. "Tiyeni amayi, ndikufikitseni" mumaimva musanaganize n'komwe zokwera. Usiku ndi pamvula amachepa. Amene amayenda nthawi imodzimodzi tsiku lililonse amachita bwino kusunga nambala ya mnyamata mmodzi wokhulupirika, n'kumalipira pasabata.

Pali chinthu china chimene takisi ya njinga imachita mwaulere, chomwe mizinda yolemera imawonongera ndalama zambiri. Ikakutsitsani, njingayo imabwerera yokha kumene kuli anthu. M'mawa anyamata amadziwa kuti makasitomala ali kukomboni, madzulo ali m'tauni, tsiku la Nc'wala aliyense akuloza ku Mtenguleni. Palibe kompyuta imene imawauza. Mfundo imeneyi muikumbukire tikafika pa njinga za pasiteshoni.

*Kasamalidwe.* Si nkhawa yanu, ngakhale kuti m'ndalama mwalipirayo muli kale chubu ndi girizi. Ambiri mwa opalasa njingayo si yawo, amapereka ndalama kwa mwini wake patsiku kapena pasabata, ndiye chokonza chimadikira mpaka chitafika poipa. Ponyani diso pa mabuleki musanakhale.

*Zoopsa.* Mukagwa palibe inshuwalansi. Wopalasa amene watopa kapena waledzera ali ndi moyo wanu kumbuyo kwake. Njinga zamoto zalowanso m'bizinesi yomweyi, ndipo zimakopa chifukwa cha liwiro ndiponso sizidandaula chitunda. Zimadula kuposa yopalasa, ndipo ngozi yake si yofanana ngakhale pang'ono: wogwa panjinga yopalasa nthawi zambiri amasupuka, wogwa panjinga yamoto alibe chisoti amakagona kuwodi. Lamulo limafuna laisensi ndi chisoti, ndipo muli ndi ufulu wofunsa chisoti chanu.

Njinga za gulu

Apa ndikunena njinga zingapo za sukulu, kiliniki, mpingo, kopaletivu ya alimi kapena kampani, zimene mamembala amatenga n'kubweza pamalo amodzi. Momwemonso munthu amene ali ndi njinga zisanu kapena khumi n'kumabwereketsa patsiku.

*Mtengo.* Mukaugawa pamitu ya anthu ndi wochepa kwambiri, chifukwa njinga imodzi ikutumikira ambiri. Vuto limabwera pamene njingazo zaperekedwa mwaulere ndi bungwe lina, anthu n'kuvina pamwambo wolandira, koma osagwirizana za ndalama yokonzera. Zimatha ngati mjigo wa m'mudzi: aliyense amatunga, ukathyoka aliyense amayang'ana mnzake. Ikani kasonkho kakang'ono ka pamwezi kapena ka paulendo kuyambira tsiku loyamba, njinga zikadali zatsopano ndipo anthu akadali okondwa.

*Kapezekedwe.* N'za mamembala okha, ndipo zimabwerera pamene zinachokera. Sizithandiza munthu amene akufuna kupita mbali imodzi osabwerera. Tsiku la maliro kapena la msika aliyense amaifuna nthawi imodzi, ndiye pamafunika lamulo lodziwika loti wodwala ndi ntchito ya gulu ndizo zoyamba. Popanda lamulo, njinga yabwino koposa imasanduka ya wapampando.

*Kasamalidwe.* Apa ndi pamene magulu amapambana kapena kugwa. World Bicycle Relief ikamapereka njinga m'masukulu a kumidzi kuno ku Zambia simangotsitsa katundu n'kumapita. Pamakhala komiti ya m'deralo, mwana ndi makolo amasaina pangano, ndipo munthu wa komweko amaphunzitsidwa kukonza. Gulu lililonse lingatengereko. Gulani njinga za mtundu umodzi kuti zipangizo zizilowana. Pentani nambala yaikulu pa iliyonse. Pakhale kope lolemba wotenga, nthawi ndi mmene njinga inalili, ndipo makiyi asunge munthu mmodzi, osati komiti yonse. Gwirizanani ndi wokonza mmodzi kuti azibwera tsiku lodziwika, osadikira kuti zife kaye.

*Zoopsa.* Kuba kwa njinga yonse sikuchuluka chifukwa anthu amadziwana. Chimene chimachitika ndi kusinthitsa: tayala latsopano limapita kunyumba, lakale n'kubwera. Kope lija ndi penti pamatayala zimachepetsa zimenezi.

Njinga za pasiteshoni

Izi ndi zimene anthu ambiri amatanthauza akamanena za njinga za mzinda: zimakhomedwa pa masiteshoni a njinga m'mbali mwa msewu, mumatenga pa siteshoni ina n'kukaisiya pa ina. Mbiri yake ndi yothandiza, chifukwa ndi mbiri ya kulimbana ndi funso lija la amene adzafunsidwe. Mu 1965 ku Amsterdam gulu la achinyamata lotchedwa Provo linapenta njinga zoyera n'kuzisiya m'misewu zosakhoma kuti aliyense akwere. Sizinakhalitse; apolisi anazilanda, ndipo maganizowo anagona zaka zambiri. Mu 1995 Copenhagen inayesa njira ya khobidi: mumalowetsa ndalama yachitsulo ya 20 kroner, njinga imamasuka, pobweza ndalama yanu imatuluka. Koma wotenga sankadziwika dzina, ndipo 20 kroner ndi mtengo wabwino kwambiri wogulira njinga. Zinthu zinasintha pamene makhadi anayamba kuzindikiritsa wokwera, ku Rennes mu 1998, ku Lyon mu 2005, kenako ku Paris mu 2007 ndi Vélib', imene inachititsa mizinda ina kutengera. Hangzhou inayamba mu 2008, London mu 2010, New York mu 2013. Mu Africa muno Marrakech inatsegula Medina Bike mu 2016, nthawi ya msonkhano wa zanyengo wa COP22, Kigali inayamba Guraride mu 2021, Cairo mu 2022.

*Mtengo.* Kwa wokwera ndi wotsika. Ku Paris wolembetsa ankakwera mphindi 30 zoyamba osawonjezera kanthu, kenako mtengo umakwera kuti asasunge njinga tsiku lonse. Koma kutchipa kumeneko wina amakulipirira. Kampani ya JCDecaux inayendetsa Vélib' posinthana ndi ufulu woika zikwangwani zotsatsa malonda mumzindawo. Ku London dzina la banki lili panjinga iliyonse, poyamba Barclays, kenako Santander. Ku New York ndi Citi. Amene akufuna kuyambitsa zotere kuno ayambe wapeza amene adzalipire mbali imene okwera sangakwanitse, chaka ndi chaka, osati chaka chotsegulira chokha.

*Kapezekedwe.* Njirayi imagwira ngati masiteshoni ali pafupipafupi. Ku Paris anawatalikitsa pafupifupi mamita 300. Masiteshoni atatu m'tauni yonse ndi chionetsero chabe. Ndiye pali vuto la mbali imodzi. M'mawa aliyense akuchoka kukomboni kulowa m'tauni, choncho siteshoni ya kukomboni imatha njinga ola loyamba lomwe, pomwe ya m'tauni yadzaza moti wofika alibe poikhoma. Pachitunda n'chimodzimodzi: anthu amakonda kutsetsereka, kukwera amasiyira ena. Paris inkapatsa mphindi 15 zaulere amene wabweza njinga pasiteshoni ya pamtunda, New York imapereka mphotho kwa okwera amene amasamutsa njinga kupita kumene zikusowa, ndipo mizinda yonseyi ili ndi magalimoto ozungulira kunyamula njinga. Dizilo, dalaivala ndi womuthandiza, kuti achite ntchito imene mnyamata wa takisi ya njinga amaichita ndi miyendo yake.

*Kasamalidwe.* Wokwera sakhudza sipanala. Njingazo zimapangidwa zolemera, ndi zipangizo zachilendo dala kuti wakuba asazigulitse pamsika. Nzeru imeneyo kuno ili ndi mbali yake yowawa: wokonza wa pansi pa mango sangazithandize, ndipo kachitsulo kalikonse kayenera kuitanitsidwa kunja ndi madola. Masiteshoni amafunanso magetsi ndi netiweki. Amene anaona mmene magetsi ankazimira mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, aikiretu sola mubajeti.

*Zoopsa.* Ngakhale ndi makhadi, Paris inataya njinga masauzande chifukwa cha kuba ndi kuwononga. Kwa wokwera, njinga ikapanda kukhomeka bwino nthawi imapitirira kuwerengedwa pa dzina lanu, ndipo ikasowa chindapusa n'chanu.

Njinga zotsegula ndi foni, zopanda siteshoni

*Mtengo.* Kwa woyambitsa zimaoneka zotchipa chifukwa palibe chomanga: loko ali panjinga pomwepo, mumajambula kachizindikiro ndi foni, amatseguka. Ku China kampani ya Ofo inayamba mu 2014 pakati pa ophunzira a Peking University, Mobike n'kubwera pambuyo pake, ndipo pofika 2017 njinga zachikasu ndi zaolenji zinali zitadzaza misewu. Wokwera amalipira pang'ono paulendo, koma amafunika foni yamakono, bandulo, batire lamoto, ndipo makampani oyambawo ankafunanso chikole.

*Kapezekedwe.* Mumaisiya pamene mwathera ulendo, ndipo ubwino wake wonse ndi umenewo. Kuipa kwake ndi komwekonso. Mawa simudziwa ngati mudzaipeza. Pa mapu ingaoneke ili pafupi, koma ili mkati mwa mpanda wa munthu amene akuisungira ulendo wake wa m'mawa. Ndipo amayi ambiri a pamsika, amene angapindule kwambiri, ali ndi kafoni ka mabatani. Amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena MTN MoMo bwinobwino, koma kujambula chizindikiro sangathe. Dongosolo losalola kulipira ndi kutsegula pa kafoni kotere lasiya kunja theka la msika.

*Kasamalidwe.* Yowonongeka iyenera kusakidwa kaye isanakonzedwe. Makampani a ku China atapikisana pothira njinga zambiri, zinakhala zotchipa kuponya yatsopano kusiyana ndi kutola yakale, ndipo makhonsolo anaunjika zotayidwa milumilu m'mabwalo.

*Zoopsa.* Chikole chanu chili m'thumba la kampani. Ofo itayamba kugwa kumapeto kwa 2018, anthu oposa 10 miliyoni analembetsa kuti abwezeredwe ndalama zawo. Chaka chomwecho Mobike inagulidwa ndi kampani ya Meituan, ndipo inachoka ku Manchester chifukwa cha kuba ndi kuwononga. Wina akadzabwera ndi njinga zotere n'kufuna chikole, funsani kuti ndalamayo ikusungidwa kuti ndipo ofesi yake ili pati. Pakati pa njira zonse zisanu, iyi ndi imene ine sindingaikire ndalama yanga kuno, pokhapokha mkati mwa malo otchingidwa.

Ndani atenge iti

Ngati mumayenda njira imodzimodzi tsiku lililonse ndipo muli ndi pokhoma kunyumba ndi kuntchito, gulani yanu. Wonyamula katundu, kaya ndi makala, mbewu kapena zigubu za madzi, atenge yachitsulo yopanda magiya, Buffalo ngati thumba lilola, yachikale ya saizi 28 ngati ayi. Wokhala kumtunda amene sanyamula zolemera, monga mphunzitsi kapena wa muofesi, magiya amuthandiza, koma asanalipire apite nayo kwa wokonza amuuze ngati zipangizo zake zimapezeka.

Ngati mumalowa m'tauni mwa apo ndi apo, kapena mumakhala m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi mopanda poika njinga, kapena ndinu achikulire, oyembekezera, ochokera kuchipatala, takisi ya njinga ikukwanirani. Yamoto muisungire tsiku lofulumira ndi mtunda wautali, ndipo chisoti chikhale kumutu.

Mpingo, kiliniki kapena kopaletivu imene anthu ake amayendera midzi ipange njinga za gulu, zochepa poyamba, ndipo ndalama ya njinga imodzi pa zimene mumafuna kugula isagulidwe njinga, ikhale ya matayala, machubu ndi wokonza.

Koleji kapena malo aakulu ogwirira ntchito okhala ndi geti ndi mlonda ndiwo angayese kusinthana njinga kwa mphindi kapena maola, chifukwa okwera amadziwika ndipo njinga zimagona mkati. Ngakhale Ofo ija inayenda bwino pamene inali pasukulu, mavuto anakula itatuluka pageti. Malo oterewa safunika kuyamba ndi maloko a foni. Khadi la sukulu ndi kope pageti zikwanira kuonetsa ngati anthu akuzifunadi.

Wabizinesi amene akulota za njinga za mzinda wonse ayambe ndi malo awiri okhala ndi munthu, amodzi pamsika, ena kukomboni, wobwereka azilembetsa nambala ya chitupa cha NRC ndi ya foni n'kulipira pa mobile money. Miyezi ya dzinja idzamuonetsa ndalama yeniyeni yokonzera, ndipo m'mawa uliwonse adzaona ndi maso mbali imene njinga zikuunjikana. Akambiranenso ndi anyamata a takisi za njinga asanatsegule, chifukwa makasitomala amene akuwafuna ndi awo, ndipo ndi iwowo amene angamuyendetsere malowo ndi kubweza njinga kumene zikusowa. Khonsolo ikakhala ndi ndalama yoti iwonongere njinga, zitsulo zomangirirapo pamisika, pachipatala ndi pasiteshoni ya mabasi, pamodzi ndi kukonza m'mphepete mwa misewu yodutsa mathiraki, zingathandize okwera a njira zonse zisanuzi chaka chomwecho.